Wophunzira amene sagogoda

Ndimaphunzitsa masamu a chaka choyamba pa yunivesite, ndipo palibe phunziro limene limaonetsa msanga amene wayamba kutsalira ngati limeneli. Pofika sabata yachinayi kapena yachisanu ya semesita, timayeso toyamba tikabwezedwa, kalasi imakhala itagawikana kale patatu. Pali amene akhoza. Pali amene alephera koma abwera kudzalimbana nane za malikisi awo. Ndiye pali amene alephera n'kungokhala duu. Olimbana nane aja sandidetsa nkhawa kwenikweni, chifukwa munthu amene akukanganira malikisi awiri ndiye kuti akudziona kuti ndi wapano, ali ndi ufulu wolankhula. Amene amandisowetsa tulo ndi wachete uja. Amalandira pepala lake, kulipinda kanayi, kulilowetsa m'thumba, ndipo sabata yotsatira mumamuona pampando wakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo. Ukatha mwezi saonekanso. Dzina lake mudzalimvanso pamsonkhano wa zotsatira za mayeso, likuwerengedwa pamndandanda wa ochotsedwa sukulu.

Mayunivesite ambiri masiku ano thandizo ali nalo, ndipo sindikufuna kupeputsa anzanga amene amagwira ntchito imeneyi, poti ndimawaona mmene amatopera. Ofesi ya uphungu ilipo. Ofesi yoona za ophunzira aulumali ilipo. Kuli a zachuma, a kuchipatala cha pasukulu, oyang'anira mahositelo, a kulaibulale, alangizi a zamaphunziro. Chimene chimandivuta n'chakuti pafupifupi onsewa anaikidwa kuti azigwira ntchito mwa njira imodzi: kukhala kuseri kwa chitseko, kudikira kuti wina agogode. Wina akagwa asanagogode, yankho timakhala nalo kale, lija loti safunsa adadya phula. Mwambiwu ndi woona pa zinthu zambiri, koma pa nkhani iyi umatipusitsa, chifukwa chimene chikumugwetsa wophunzirayo n'chomwenso chikumumanga pakamwa kuti asafunse.

Mu 2018 akatswiri ogwira ntchito pansi pa bungwe loona za umoyo la WHO anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa ophunzira a chaka choyamba pafupifupi 14,000, a m'mayunivesite 19 m'mayiko 8, mwa iwo South Africa, Mexico, Belgium ndi Australia. Ophunzira 31 mwa 100 alionse anaonetsa zizindikiro za vuto la m'maganizo m'miyezi 12 imene inali itangodutsa, makamaka matenda okhumudwa kwambiri ndi a nkhawa. Sizodabwitsa, poti msinkhu wolowera yunivesite ndi womwenso matenda ambiri otere amayambira kuonekera. Koma chimene chinandigwira mtima ndi yankho lina la ophunzira omwewo. Atafunsidwa ngati angapite kukafuna thandizo atagwa m'vuto la m'maganizo, amene anati angapitedi mosakayika anali pafupifupi mmodzi yekha mwa anayi alionse. Chotchinga chachikulu sichinali ndalama kapena kusowa kwa ofesi. Ambiri anati angakonde kuthana nalo okha. Ndiye ngakhale titamanga ofesi ya uphungu yabwino chotani, eni akewo atiuziratu kuti ambiri a iwo sabwera.

Kugogoda ndi luso, ndipo si aliyense analiphunzira kwawo. Mwana amene makolo ake anadutsa pa yunivesite amadziwa kuti mphunzitsi akamata pachitseko maola amene amapezeka mu ofesi, ndiye kuti akuitana. Amadziwa kuti munthu akadwala nthawi ya mayeso pali fomu yodzaza, kuti asayimenti itha kupemphedwa masiku owonjezera. Amene ndi woyamba m'banja lake kufika pano zonsezi sazidziwa, ndipo palibe amene amamuuza chifukwa ife tinazizolowera mpaka sitizionanso. Kwa iye ofesi ndi kopita munthu wa mlandu. Onjezani kuti kusekondale konse anali nambala wani, sanalepherepo, ndiye pepala loyamba lofiira limamuuza kuti anamusankha molakwitsa ndipo posachedwa anthu azindikira. Akaimbira foni kunyumba amati zonse zili bwino. Anganene chiyani kwa anthu amene anadzimana kuti iye afike pano?

Pali chinanso. Wophunzira ndi munthu mmodzi, koma yunivesite inamugawa m'maofesi. Fizi ikatsala, kompyuta imamutsekera kuti asaone zotsatira zake kapena kulembetsa maphunziro. Akatsekeredwa amasiya kugona. Akasiya kugona amalephera timayeso. A zachuma amaona ngongole, ine ndimaona malikisi otsika, a kuchipatala amaona mutu wosasiya kupweteka, ndipo palibe amene amaona kuti zonsezi ndi nkhani imodzi. Atalimba mtima n'kugogoda pachitseko choyamba, amamutumiza kwachiwiri, kumene ayenera kufotokozanso nkhani yochititsa manyazi ija kuyambira pachiyambi. Ambiri amathera pachitseko chachiwiri.

Chaka china ndinali ndi mnyamata amene timayeso toyamba anapeza malikisi otsika kwambiri, koma mafunso awiri amene anayankha anawayankha mwaukhondo wodabwitsa, sitepe iliyonse pamalo pake. Otsalawo sanawakhudze n'komwe. Kalasi itatha ndinamutchula dzina. "Achimwene, tatsalirani pang'ono." Anaima chikwama chili paphewa limodzi, anzake akutuluka. Mawu ake oyamba anali akuti, "Madamu, ndalakwa chiyani?" Aka kanali koyamba kuti munthu wa pa yunivesite amuitane ndi dzina lake, ndipo iye sanaganize china koma mlandu. Ndinamuonetsa mafunso awiri aja n'kumuuza kuti munthu wolemba chonchi masamu amawadziwa, ndiye ndikufuna kumva chimene chinachitika ndi enawo. Anakhala nthawi akupotokola lamba wa chikwama. Kenako anati anagona pamayeso. Ankagwira ntchito yaulonda usiku kuti amalize fizi, ndipo ankachoka kuntchito n'kulunjika m'kalasi yanga ya m'mawa.

Sindinamupatse nambala ya chitseko. Ndinatseka ofesi yanga, tinayenda limodzi mpaka kwa mlangizi wa zamaphunziro, ndipo nkhani ndinayamba kuifotokoza ndine, iye atandilola, kuti asayambirenso. Zimene zinatuluka ndi zazing'ono: anamusamutsira m'gulu la masana, ndipo anamuthandiza kupempha kuti fizi yotsala azilipira pang'onopang'ono, mwayi umene unalipo kale m'malamulo a sukulu koma iye sanaumvepo. Sanasanduke katswiri wa kalasi. Mayeso a kumapeto kwa semesita analephera pang'ono, obwereza anakhoza, chaka chachiwiri analowa.

Anthu ena akamva nkhani ngati iyi amati ndi mtima wabwino wa mphunzitsi mmodzi. Ine sindifuna kuti moyo wa wophunzira uzidalira mwayi wokumana ndi mphunzitsi amene tsiku limenelo anali ndi mpata. Zinthu izi zitha kukonzedwa kuti zizichitika kwa aliyense, ndipo alipo amene anazikonza. Yunivesite ya Georgia State ku Atlanta, ku America, inaona kuti semesita iliyonse ikuchotsa ophunzira ambiri chifukwa cha ngongole ya madola mazana angapo chabe, ena a iwo atatsala pang'ono kumaliza digiri. Mu 2011 inayamba kuwalipirira ngongole zazing'onozo, ndipo chimene chimandisangalatsa n'chakuti sinkadikira kuti wophunzira alembe kalata yopempha. Sukulu inkayang'ana yokha m'mabuku ake n'kumupeza. Mu 2012 inayambanso kutsata zizindikiro pafupifupi 800 zosonyeza kuti munthu wayamba kusochera, monga kulembetsa phunziro lolakwika kapena kukhoza movutikira phunziro limene digiri yake yonse yatsamirapo, ndipo mlangizi ndiye amayamba kumufuna wophunzirayo.

Ku New York, makoleji a City University of New York anayambitsa mu 2007 pologalamu yotchedwa ASAP, imene inamanga pamodzi zinthu zomwe nthawi zambiri zimakhala zobalalika: kulipira fizi yotsala, mabuku, khadi yokwerera sitima ndi basi, ndiponso mlangizi mmodzi wokhala ndi ophunzira ochepa, amene wophunzira ayenera kumaonana naye pafupipafupi, afune asafune. Bungwe lofufuza la MDRC linagawa ophunzira mwa maere, ena kulowa m'pologalamuyi ena ayi. Patatha zaka zitatu, 40 mwa 100 alionse a m'pologalamuyi anali atamaliza maphunziro, pamene mwa enawo anali 22 okha. Aphunzitsi omwewo, mayeso omwewo.

Koma nkhani imene ndimaikonda koposa, mwina chifukwa ndi ya masamu, ndi ya Uri Treisman. M'zaka za m'ma 1970, akuphunzitsa pa University of California ku Berkeley, anafuna kudziwa chifukwa chimene ophunzira akuda ambiri ankalepherera kalikulasi ya chaka choyamba pamene anzawo ochokera m'mabanja achitchaina ankakhoza. Aphunzitsi atafunsidwa anapereka mayankho amene timaperekabe lero: sanakonzekeretsedwe bwino kusekondale, alibe khama, kwawo n'kosauka, makolo sawalimbikitsa. Treisman sanakhutire nazo. Anatsatira ophunzira 20 a gulu lililonse kwa miyezi yambiri, kuona mmene amawerengera, nthawi yanji, ndi yani. Anapeza kuti akudawo khama anali nalo, koma ankawerenga aliyense payekha. Anzawo aja ankayamba payekha, kenako n'kukumana, kufananiza mayankho, kutsutsana, kukonzana zolakwika. Potero munthu ankadziwa ngati funso lamuvuta iye yekha kapena lavuta onse. Wowerenga yekha alibe poyezera. Funso likamukanika amati vuto ndi mutu wake.

Ndiye Treisman anayambitsa magulu owerengera limodzi, ndipo apa m'pamene panali nzeru: sanawatche makalasi a ofooka. Anawapatsa mafunso ovuta kuposa a m'kalasi, n'kuwatenga ngati gulu la ochita bwino. Amene analowamo anayamba kukhoza bwino kwambiri kuposa anzawo amene sanalowemo, ndipo njirayi inafalikira kumayunivesite ena ambiri. Ankadziwa kuti mwana amene anali nambala wani kwawo sangalowe pakhomo lolembedwa kuti la otsalira, ngakhale atamira.

Ine ndinatengera zimenezi. Sabata yoyamba ndimagawa kalasi m'timagulu ta anthu anayi kapena asanu, ndipo ndimagawa ndine. Ndikawasiya asankhane okha, ochokera sukulu imodzi amatengana, ndipo amene anabwera yekha amatsala yekha. Timaguluti si thandizo lapadera loti munthu apemphe, ndi mbali ya phunziro, aliyense alimo. Phindu lake silithera pa masamu. Wina akajomba kawiri, ndikafunsa kuti mnzanu ali kuti, pamapezeka wodziwa: akudwala, waferedwa, masiku ano sakutuluka m'chipinda. Anzake amadziwa masabata angapo ofesi iliyonse isanadziwe.

Mawu nawonso amathandiza, koma ali ndi malire. Akatswiri ofufuza a ku America, Gregory Walton ndi Geoffrey Cohen, anasonyeza mu 2011 kuti ophunzira atsopano akawerenga zimene anzawo a zaka zapamwamba ananena, zoti nawonso poyamba ankadziona ngati alendo koma zinadutsa, malikisi a ophunzira akuda anakwera kwa zaka zitatu zotsatira. Atayesanso zimenezi pamasukulu 22, zotsatira zimene zinatuluka mu 2023 zinaonetsa kuti uthengawu umagwira ntchito pokhapokha pamene sukuluyo ikuperekadi mpata woti munthu wa gulu lakelo amve kuti ndi wapamenepo. Kumuuza munthu kuti ndi wolandiridwa pamene chipinda chophunziriramo sangathe kulowamo ndi kumunamiza.

Apa ndifike kwa ophunzira aulumali. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, limene linavomerezedwa mu 2006, pandime 24 likuti mayiko aonetsetse kuti anthuwa akufikira maphunziro apamwamba mofanana ndi ena onse, ndipo pakonzedwe zoyenera kuti zimenezi zitheke. Papepala ndi zomveka. M'kalasi zimathera pa tinthu tating'ono kwambiri. Mtsikana wina wosaona amene ndinamuphunzitsa anabwera patsogolo kalasi itatha, ndodo yake yoyera ataipinda m'manja, n'kunena mwaulemu koma mosazungulira: "Madamu, aphunzitsi a masamu mukamati ichi tichotse ku ichi tipeze ichi, anzanga amaona pabolodi. Ine ndimangomva ichi, ichi ndi ichi." Anandionetsanso pa laputopu yake manotsi a maphunziro osiyanasiyana. Ambiri anali zithunzi za mapepala ojambulidwa ndi foni, ndipo pulogalamu yake yowerenga mawu mokweza ikafika pamenepo inkangokhala chete, chifukwa kwa iyo chithunzi ndi chithunzi basi. Usiku uliwonse ankadalira mnzake wa m'chipinda kuti amuwerengere, mnzake amenenso anali ndi mayeso ake.

Kuyambira pamenepo chilichonse chimene ndikulemba pabolodi ndimachitchula ndi dzina lake, kunena pamene bulaketi yatsegukira ndi pamene yatsekera, chimene chili pamwamba pa mzere ndi chimene chili pansi. Manotsi ndimawataipa n'kuwatumiza kalasi isanayambe. Amene anayamba kuyamikira kusinthaku anali okhala kumbuyo amene bolodi saliona bwino, ndi ena amene chinenero chophunzitsira sichawo ndipo amafuna kuwerengeratu. Izi ndi zimene Ronald Mace, katswiri wojambula mapulani a nyumba wa ku America amene ankayendera njinga ya olumala chifukwa cha poliyo, ankalimbikitsa: chinthu chikonzedwe kuyambira pachiyambi kuti aliyense athe kuchigwiritsa ntchito, osati kuchimanga kaye kenako n'kumachiphatika zigamba wina akadandaula. Wokonza ndandanda ya makalasi akadziwiratu kuti m'kalasi muli woyendera njinga, sangaiike pansanjika yachitatu ya nyumba yopanda chikepe, ndipo wophunzirayo sangakhale ndi ntchito yopempha semesita iliyonse chinthu chimene ndi ufulu wake. Ndipo tisaiwale kuti ulumali wambiri suoneka ndi maso. Amene amavutika kuwerenga zilembo, wa khunyu, wa matenda okhalitsa, ambiri sadzalembetsa ku ofesi iliyonse.

Anzanga ena amandiuza kuti zonsezi n'kulera akuluakulu, kuti yunivesite si sukulu ya mkaka ndipo digiri itsika mtengo. Nkhawa yawo ndimaimvetsa, chifukwa inenso sindifuna kukwera mlatho womangidwa ndi injiniya amene tinamukhozetsa masamu mwa chisoni. Koma pa zonse ndanenazi palibe pamene funso la mayeso lapeputsidwa. Mnyamata waulonda uja analemba pepala lomwe analemba anzake, ndipo atalephera analephera. Mtsikana wosaona uja anayankha mafunso omwewo, kungoti pa kompyuta ndi nthawi yowonjezera, poti kumvetsera funso la masamu kumatenga nthawi kuposa kuliona. Chimene tikuchotsa ndi zopinga zimene sizikuyeza masamu: tulo, ngongole, masitepe, manyazi.

Malire anga ndimawadziwanso. Sindine phungu, sindine dokotala, ndipo mphunzitsi amene ayamba kudziyesa zimenezi atha kuvulaza munthu. Ntchito yanga ndi kuona, kufunsa, ndi kuperekeza. Koma pali funso limodzi limene ndikufuna mphunzitsi aliyense, woyang'anira hositelo aliyense, ngakhale mtsogoleri wa ophunzira aphunzitsidwe kufunsa. WHO imati kudzipha ndi chimodzi mwa zinthu zimene zikutenga miyoyo yambiri ya anthu a zaka 15 mpaka 29. Wophunzira akanena mawu monga akuti sakuonanso chifukwa chokhalira ndi moyo, kapena kuti posachedwa sazivutitsanso anthu, tisamuyankhe kuti alimbe mtima n'kusintha nkhani. Timufunse mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Ambiri timaopa kuti tikafunsa timupatsa maganizo amene analibe, koma kafukufuku wasonyeza kuti kufunsa sikudzala maganizowo, ndipo kawirikawiri munthu amapepukidwa kuti wina wamumva. Akavomera, tisamusiye yekha, tipite naye kwa amene anaphunzira ntchitoyi tsiku lomwelo.

Pali zinthu ziwiri zimene zimandichititsa kusamala. Choyamba ndi chinsinsi. Makompyuta otsata zizindikiro za wophunzira ndi abwino pamene zimene apeza zikupita kwa munthu mmodzi wofuna kuthandiza. Zikayamba kuyenda m'maofesi onse, kapena kugwiritsidwa ntchito kumuuza munthu kuti asiye digiri imene akuifuna chifukwa anthu a mtundu wake saikhoza, ndiye kuti chida chasanduka chikwapu. Mnyamata uja ndinayamba ndamufunsa ngati akundilola kufotokoza nkhani yake, ndipo akanakana ndikanakhala chete. Chachiwiri ndi anthu ogwira ntchitoyi. ASAP inatheka chifukwa panaikidwa ndalama zolembera alangizi okwanira. Yunivesite imene ikuuza aphunzitsi kuti azisamala ophunzira, koma nthawi imeneyo osaiwerengera pantchito yawo kapena pokwezedwa, ikungosenzetsa katundu anthu ochepa omwe aja amene ophunzira amawathamangira kale, mpaka nawonso atatopa.

N'chifukwa chake pamsonkhano wa dipatimenti yathu ndinapempha zinthu ziwiri. Timayeso toyamba tizilembedwa sabata yachitatu ndi kubwezedwa msanga, kuti aliyense amene walephera aitanidwe ndi dzina nthawi yokonza zinthu ikadalipo. Ndiponso wophunzira aliyense wa chaka choyamba akhale ndi munthu mmodzi wodziwika woti azionana naye kawiri pa semesita, zinthu zikhale bwino kapena ayi, ndipo maola amenewo alembedwe pandandanda ya ntchito ya mphunzitsiyo. Choyambacho anavomera, tiyamba semesita ikubwerayi. Chachiwiricho akuti tidikire bajeti. Pamsonkhano wotsatira ndikukawonjezera chachitatu, cha ophunzira a madzulo: amafika pasukulu ataweruka kuntchito, ena atasiya ana kwa anansi, n'kupeza ofesi ya uphungu, ya zachuma ndi ya alangizi zonse zitatsekedwa. Ndikapempha kuti maofesi atatuwa azitsegula mpaka usiku tsiku limodzi pa sabata, onse tsiku lofanana.